MWANA WANU KU KOLEJI: KODI ULEMU WA PA PEPALA UPEZETSA NTCHITO?

Chaka ndi chaka, maina a ana osankhidwa kupita ku makoleji a Boma akatuluka, m'midzi ya m'mbali mwa nyanja muno mumamveka nthungululu. Ku Linga, ku Sani, ku Benga, ku Dwangwa mpaka ku Dwambazi, makolo amayamba kuwerenga matumba a mpunga ndi kuyang'ana usipa wa pa thandala kuti aone ngati ndalama za fizi zikwana. Ena amagulitsa mbuzi, ena amagulitsa ngakhale bwato limene. Onsewa ali ndi funso limodzi mumtima: kodi mwanayu akamaliza adzapeza ntchito?

Funso lina limadza mwana atakhala ku koleji chaka chimodzi kapena ziwiri. Nthawi zina amaimba foni kunyumba kuti waitanidwa kulowa bungwe laulemu la ophunzira okhoza bwino, ndipo pafunika ndalama zolowera. Kholo limakondwa, pakuti mwana walemekezedwa, koma silidziwa ngati ndalamazo zigula kanthu kenikeni kapena ayi.

Mwezi uno tifuna kufotokoza zinthu zitatu: moyo wa ku koleji, phindu la mabungwe aulemu, ndi makonzekeredwe a ntchito. Mawu athu aakulu ndi awa: ulemu ndi chinthu chabwino, koma wolemba ntchito safunsa ulemu wokha. Iye afuna kudziwa chimene munthu angathe kuchita ndi manja ake ndi mutu wake, ndiponso amene angamuchitire umboni. Zimenezi sizigulidwa pa tsiku lomaliza. Zimasonkhanitsidwa pang'onopang'ono kuyambira chaka choyamba.

KALE NDI LERO

Akuluakulu ambiri akumbukira nthawi imene munthu wa digiri sankafuna ntchito, koma ntchito ndiyo inkamufuna. Zinali choncho chifukwa ophunzira anali owerengeka. Sukulu ya sekondale yoyamba m'dziko muno inatsegulidwa ku Blantyre m'chaka cha 1940, ya ku Zomba mu 1942, ndipo ya Boma ya ku Dedza mu 1951. Yunivesite kunalibe. Wofuna digiri ankapita ku Fort Hare ku South Africa, ku Makerere ku Uganda, kapena ku Salisbury, kumene lero ndi ku Harare. Henry Masauko Chipembere, amene anabadwa mu 1930 ku Kayoyo, dera limene pa nthawiyo linali m'boma la Kota Kota ndipo lero lili m'boma la Ntchisi, anakatenga digiri yake ku Fort Hare.

Yunivesite ya Malawi inakhazikitsidwa mu 1964, ndipo mu 1965 inayamba kuphunzitsa ku Chichiri mu Blantyre ndi ophunzira 90 okha. Chancellor College inasamukira ku Zomba mu 1973. Yunivesite ya Mzuzu inalandira ophunzira oyamba mu 1999. Koleji ya zaulimi ya Bunda inaima payokha mu 2012 ndi kukhala LUANAR, ndipo MUST ya ku Thyolo inatsegulidwa mu 2014. Mu 2021 Yunivesite ya Malawi inagawidwa patatu: ya ku Zomba inasunga dzina lakale, Polytechnic inakhala MUBAS, ndipo makoleji a udokotala ndi unamwino anaphatikizana kukhala KUHeS. Kotero mayunivesite a Boma anafika 6. Palinso ena a mipingo, monga ya Livingstonia, ya Nkhoma ndi ya Katolika ya ku Nguludi.

Ichi ndi chitukuko chokondweretsa. Koma taonaninso mbali ina. Kalembera wa mu 2018 anapeza kuti m'Malawi munali anthu oposa 17 miliyoni, ndipo pafupifupi theka la iwo anali asanakwane zaka 18. Achinyamata ofuna ntchito achuluka, a madigiri achulukanso, koma maofesi sanachuluke pa liwiro lomwelo. Tsono digiri ya lero ili ngati tikiti ya sitima ya Ilala: imakulowetsa m'sitima, koma malo okhala uyenera kudzipezera wekha.

MOYO WA KU KOLEJI

Wofuna kulowa yunivesite ya Boma ayenera kukhoza bwino maphunziro 6 pa mayeso a MSCE, ndipo limodzi mwa amenewa likhale Chingerezi. Kusankha kumayendetsedwa ndi bungwe loyang'anira maphunziro apamwamba la NCHE, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2011. Bungwe lomweli limalengeza maina a makoleji ovomerezeka. Kholo lisanalipire fizi ku koleji imene si ya Boma, liyambe lafunsa ngati kolejiyo ndi maphunziro akewo zili pa mndandanda wa NCHE. Safunsa anadya phula.

Maphunziro ambiri a digiri amatenga zaka 4, ndipo a udokotala amapitirira pamenepo. Chaka chimagawidwa pawiri, ndipo chigawo chilichonse chili ndi mayeso ake. Chimene chimadabwitsa ana ambiri ndi ufulu. Ku sekondale kuli belu, kuli yunifolomu, kuli mphunzitsi woitana maina m'mawa. Ku koleji mphunzitsi amalowa, kukamba ola limodzi kapena awiri, kutchula mabuku oti akawerengedwe, ndi kutuluka. Palibe wodzutsa munthu. Palibe wofunsa ngati wawerenga. Koma ntchito zolemba za mkati mwa chigawo zimawerengedwa pamodzi ndi mayeso, ndipo wolephera amalembanso, kapena kubwereza chaka, kapena kuchotsedwa kumene. Ana ena amene anali oyamba ku sukulu za kuno amabwerera kwawo, osati chifukwa cha umbuli, koma chifukwa sanazolowere kudzilamulira okha.

Vuto lachiwiri ndi la ndalama. Malo ogona a pa koleji sakwanira onse, kotero ambiri amachita lendi kunja, monga ku Chikanda mu Zomba kapena ku Luwinga mu Mzuzu. Chakudya amagula kapena kuphika okha. Mwana wozolowera kondowole ndi chambo cha dzulo lomwe amapeza kuti m'tauni ngakhale usipa wa pa mulu ndi wa ndalama. Kuyambira mu 2015 pali bungwe la Boma lobwereketsa ndalama kwa ophunzira osowa, lotchedwa Higher Education Students' Loans and Grants Board. Makolo adziwe kuti imeneyi ndi ngongole, si mphatso. Mwana akamaliza ayenera kubweza, kuti ang'ono ake nawonso adzabwereke.

Vuto lachitatu ligwera makamaka ana aakazi. Pali anthu ena amene amalonjeza ndalama kapena malikisi posinthana ndi thupi la mwana. Lamulo la mu 2013 loona za kusasiyana pakati pa amuna ndi akazi limaletsa khalidwe lotere, ndipo mwana ali ndi ufulu wokadandaula kwa akuluakulu a koleji. Amayi ndi azakhali amuuze zimenezi asananyamuke, ndipo adziwe kuti kunyumba adzamumvera akanena.

KODI BUNGWE LAULEMU NCHIYANI?

Mwambo wa mabungwe aulemu unachokera ku America, kumene amawatcha honor society. Lakale kwambiri ndi Phi Beta Kappa, limene linayambidwa ndi ophunzira a pa koleji ya William and Mary ku Virginia pa 5 Disembala 1776. Dzinali ndi malembo atatu a Chigiriki. Poyamba linali gulu la anyamata okumana kuti azichita mtsutso pa nkhani za maphunziro. Pambuyo pake linasanduka bungwe loitana okhawo okhoza koposa, pafupifupi mmodzi pa ophunzira 10 alionse, ndipo chizindikiro chake ndi kakiyi ka golide. Ku America olemba ntchito amalidziwa dzinali, ndipo amalilemekeza chifukwa kulowamo ndi kovuta.

Lina lodziwika ndi Golden Key, limene linayamba mu 1977 ku Atlanta. Limeneli limaitana ophunzira 15 apamwamba pa 100 alionse, ndipo wolowa amalipira ndalama kamodzi. Linafika m'maiko ena, kuphatikizapo South Africa. Chifukwa chake mwana wa kuno amene akuphunzira ku Pretoria, ku Johannesburg kapena ku Cape Town angathe kulandira kalata yotere.

Kodi mabungwe amenewa amapatsa chiyani? Amapatsa satifiketi ndi dzina loti munthu alembe pa kalata yofunsira ntchito. Ena amakhala ndi thumba la ndalama za maphunziro zimene mamembala amapikisanirana. Amakonza misonkhano kumene ophunzira amakumana ndi anthu a m'makampani, ndiponso ntchito zothandiza anthu ovutika. Wopita ku misonkhanoyo, wogwira ntchitozo, wosankhidwa kukhala mlembi kapena msungichuma, ameneyo amapindula. Koma wongolipira ndi kupachika satifiketi pa khoma wagula pepala chabe.

Palinso achinyengo amene aona kuti anthu amakonda kutamandidwa. Iwo amapanga dzina lalikulu lomveka ngati la ku Ulaya, ndi kutumiza makalata pa intaneti kwa wophunzira aliyense, wokhoza ndi wolephera yemwe, kumuuza kuti wasankhidwa mwapadera ndipo alipire msanga nthawi isanathe. Paja akulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ife a ku Nkhotakota, kumene kuli mikuyu yotchuka, mwambi umenewu sitiyenera kuuiwala.

ULEMU UMENE UDZIWIKA KUNO KWATHU

Mwambo wa mabungwe otere sunazike mizu m'makoleji a m'Malawi, kotero olemba ntchito ambiri a kuno maina akewo sawadziwa. Ulemu umene iwo amaudziwa uli wa mitundu itatu.

Woyamba ndi makhozedwe enieni. M'makoleji ena digiri imalembedwa ngati munthu wakhoza mwapamwamba, kumene amati distinction, kapena bwino, kumene amati credit, kapena wangodutsa. Pamodzi ndi digiri pamakhala chikalata chosonyeza malikisi a phunziro lililonse kuyambira chaka choyamba. M'makoleji ena maina a okhoza koposa amalengezedwa ndi mkulu wa gawo la maphunziro, ndipo ena amalandira mphotho pa tsiku lomaliza. Ulemu umenewu sulipiridwa. Umafunika kwambiri kwa wofuna kukapitiriza maphunziro kunja kapena kuphunzitsa pa yunivesite.

Wachiwiri ndi ntchito imene munthu anagwira m'magulu a ophunzira anzake. Pafupifupi gawo lililonse la maphunziro lili ndi gulu lake: a zaulimi, a zamalamulo, a zowerengera ndalama, a zaumisiri. Palinso magulu a mtsutso, a zisudzo, a masewera ndi a zachipembedzo. Chitsanzo chabwino ndi gulu la alembi limene linayamba pa Chancellor College mu 1970, lotchedwa Writers Group. Ophunzira ndi aphunzitsi awo ankakumana sabata ndi sabata, wina nkuwerenga zimene walemba, anzake nkumuuza mosabisa pamene pakoma ndi pamene pafooka. M'gulu limeneli munatuluka alembi odziwika m'maiko ambiri, monga Jack Mapanje, Lupenga Mphande ndi Frank Chipasula. Chimene chinawakuza sichinali dzina la gululo. Chinali kukumana kosalekeza ndi kudzudzulana kwa anthu ofunirana zabwino.

Wachitatu ndi kulembetsa ku mabungwe oyang'anira ntchito, amene anaikidwa ndi lamulo. Namwino kapena mzamba sangagwire ntchito yake asanalembedwe ndi Nurses and Midwives Council of Malawi. Dokotala ayenera kulembedwa ndi Medical Council of Malawi. Owerengera ndalama ali ndi bungwe lawo la ICAM, ndipo maloya ali ndi Malawi Law Society. Amenewa si mabungwe a ulemu chabe, koma ndi zipata za ntchito. Mwana akapempha ndalama zolembera mayeso kapena zolembetsera ku bungwe lotere, kholo lidziwe kuti zimenezo ndi zofunika ndithu.

MAFUNSO ASANU MUSANATUMIZE NDALAMA

Mwana akanena za bungwe lofuna ndalama, musakane msanga ndipo musavomere msanga. Mufunseni mafunso awa:

1. Kodi akuluakulu a koleji akulidziwa bungweli? Mwana akafunse ku ofesi yoyang'anira ophunzira. Ngati iwo salidziwa, nkhani yathera pomwepo.

2. Kodi anaitanidwa ndani? Ngati kalata yomweyo yafika kwa onse a m'kalasi, pamenepo palibe ulemu, pali malonda.

3. Kodi bungweli limakumana? Kuti, liti, ndipo chaka chatha linachita chiyani chooneka ndi maso?

4. Kodi alipo wa m'makalasi apamwamba amene analowa ndipo angathe kunena chimene anapindula?

5. Kodi ndalama zomwezo sizikanagula chinthu chofunika koposa, monga buku, lendi ya mwezi, kapena ulendo wopita kumalo ophunzirira ntchito?

Mayankho akakhala okhutiritsa ndipo ndalama zilipo, mwana alowe, koma alowe kukagwira ntchito. Ndalama zikakhala zosowa, asadandaule. Palibe amene analephera kupeza ntchito m'Malawi chifukwa chosalowa bungwe laulemu la kunja.

KUKONZEKERA NTCHITO CHAKA NDI CHAKA

Asodzi adziwa bwino chimene tikunena. Mwini chilimira akafuna siginala safunsa pepala. Amafunsa kuti munthuyo wayenda ndi yani pa nyanja, ndipo anachita bwanji tsiku limene mwera unawapeza pakati pa madzi. Wolemba ntchito mu ofesi amaganiza chimodzimodzi. Pepala amaliona poyamba, koma asanalembe munthu amafuna umboni. Nayi njira yosonkhanitsira umboniwo.

Chaka choyamba: mwana alimbikire kukhoza, pakuti malikisi a chaka chino adzaonekabe pa chikalata chomaliza. Aphunzire kulemba ndi kulankhula Chingerezi chomveka, ndiponso kugwiritsa ntchito kompyuta: kulemba kalata, kuwerengera ndalama, kutumiza uthenga. Ana ambiri a ku sukulu za m'midzi amafika asanaigwirepo kompyuta. Zimenezi si zochititsa manyazi, koma ndi zoyenera kuzikonza msanga.

Chaka chachiwiri: alowe gulu limodzi kapena awiri, osati asanu, ndipo avomere udindo. Mlembi wa gulu amaphunzira kulemba zokambirana za pa msonkhano. Msungichuma amaphunzira kusunga malisiti ndi kuyankha anthu akafunsa za ndalama zawo. Izi ndi ntchito zomwezo za mu ofesi.

Pa tchuthi: asangokhala pa doko kudikira mabwato. Wophunzira zauphunzitsi akapemphe kuthandiza pa sukulu ya sekondale yoyendera ya kufupi ndi kwawo. Wa zaumoyo akadzionetse ku chipatala. Wa zaulimi akathandize mlangizi, kapena kalabu ya alimi a mpunga ku Bua. Wa zowerengera ndalama akathandize kulemba mabuku a komiti ya asodzi ya pa doko kapena a banki m'khonde. Pomaliza apemphe kalata yonena zimene anachita ndi masiku ake, yosainidwa ndi kudindidwa. Makalata otere awasunge pamalo osafika madzi ndi chiswe.

Chaka chachitatu: maphunziro ambiri amatumiza ophunzira kukaphunzira ntchito ku kampani, ku ofesi kapena ku sukulu kwa masabata kapena miyezi. Imeneyi ndiyo nthawi ya mtengo wapatali pa zaka zonse zinayi. Afike m'mawa nthawi isanakwane, asanyoze ntchito yaing'ono, alemekeze mlonda ndi wosesa monga alemekezera bwana. Ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzakupeza. Anthu amene anamuona akugwira ntchito ndiwo amene adzamuuze malo akatseguka.

Chaka chomaliza: ophunzira ambiri amalemba kafukufuku. Mwana wanzeru amasankha nkhani imene aidziwa ndipo ili ndi phindu, monga kuonongeka kwa usipa m'nyengo ya mvula, kuchepa kwa mpasa mu mtsinje wa Bua, kapena likodzo pakati pa ana osamba m'nyanja. Apemphenso aphunzitsi awiri amene amamudziwa bwino kuti adzakhale mboni zake. Mphunzitsi sangachitire umboni mwana amene sanamuonepo akufunsa funso.

Tiyerekeze achinyamata awiri a digiri imodzi ya zaulimi amene afunsira ntchito imodzi. Woyamba walemba maina atatu a mabungwe a kunja amene analipira. Wachiwiri walemba kuti anali msungichuma wa gulu la ophunzira, anathandiza alimi a mpunga tchuthi ziwiri, ndipo ali ndi kalata ya mlangizi. Pa mafunso, woyamba akafunsidwa chimene anachita m'mabungwewo alibe chonena. Wachiwiri angathe kukamba mpaka ofunsa atamuletsa. Inu owerenga, mukanalemba uti?

NTCHITO ZA KUNO KWATHU

Ana ambiri amaganiza kuti ntchito ili ku Lilongwe ndi ku Blantyre kokha. Koma boma lathu lino lili ndi malo ofuna anthu ophunzira. Ku Dwangwa kuli minda ya nzimbe ndi fakitale ya shuga kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1970, ndipo mu 1982 kunatsegulidwanso fakitale ya ethanol. Malo otere amafuna odziwa zaulimi, zamakina, zamagetsi ndi zowerengera ndalama. Nkhalango ya nyama ya Nkhotakota, imene ndi yaikulu makilomita 1,800 m'bwalo lake, inayamba kuyendetsedwa ndi African Parks mogwirizana ndi Boma mu 2015, ndipo mu 2016 ndi 2017 munabweretsedwa njovu pafupifupi 500 kuchokera ku Liwonde ndi ku Majete. Kumeneko ndi ku malo ogona alendo a m'mbali mwa nyanja kumafunika odziwa za nyama, za alendo ndi za kuphika. Palinso chipatala cha Boma, chipatala cha St Anne's, maofesi a khonsolo, masukulu ndi wailesi ya m'dera lino.

Mwana wa kuno ali ndi chuma chimene wa m'tauni alibe. Amadziwa nyanja, amadziwa mafumu, amadziwa kulankhula ndi Mkhristu ndi Msilamu mwaulemu wofanana, ndipo ena amamva Chitonga ndi Chiyao pamwamba pa Chichewa. Zimenezi azilembe pofunsira ntchito, asazibise.

Mu 2018 Boma linayamba ndondomeko yoika achinyamata a madigiri m'maofesi ake kwa kanthawi kuti aphunzire ntchito akulandira kangachepe. Mwayi wotere ukalengezedwa, asaunyoze chifukwa cha kuchepa kwa ndalama.

Tisaiwalenso kuti yunivesite si njira yokhayo. Bungwe la TEVETA, limene linakhazikitsidwa mu 1999, limayang'anira maphunziro a ntchito zamanja, monga a pa Salima Technical College. Ku Mpwepwe m'boma la Mangochi kuli koleji ya zausodzi, ndipo ku Dedza kuli ya zankhalango ndi nyama. Wokonza injini za maboti kapena woika magetsi a dzuwa sasowa chochita m'mbali mwa nyanja muno. Ndipo wa digiri amene wabwerera kumudzi kukalima mpunga mwa njira zatsopano kapena kuyamba malonda a nsomba sanalephere. Wadzilemba yekha ntchito, ndipo mawa adzalemba anzake.

KALATA NDI MAFUNSO A NTCHITO

Pofunsira ntchito pamafunika kalata yaifupi ndi chikalata cha mbiri ya munthu, chimene amachitcha CV. Chisapitirire masamba awiri. Chinene zoona zokhazokha, pakuti bodza limagwidwa ndi foni imodzi yopita kwa mboni. Kalata iliyonse ilembedwe molingana ndi ntchito imene yalengezedwa, osati imodzi yomweyo kutumiza konsekonse. Wina wodziwa Chingerezi aiwerenge isanapite. Satifiketi zenizeni zisatumizidwe, koma zojambula zake zokha.

Akaitanidwa ku mafunso, ayambe wafufuza zimene malowo amachita. Avale zoyera ngakhale zili zakale, afike msanga, ndipo ayankhe ndi zitsanzo za zimene anachitadi. Kuyang'ana pansi polankhula ndi wamkulu ndi ulemu wa kumudzi, koma m'chipinda cha mafunso ayenera kukweza mutu ndi mawu, pakuti ofunsa angaganize kuti akukayika.

Chenjerani ndi anthu oimba foni kapena olemba pa WhatsApp ndi Facebook kuti ntchito yapezeka, koma mutumize ndalama yogulira malo. Ntchito yeniyeni sigulitsidwa. Wopempha chiphuphu ndi wopereka chiphuphu onse aphwanya lamulo, ndipo nkhani zotere zimanenedwa ku polisi kapena ku Anti-Corruption Bureau.

Wakanidwa kamodzi kapena kakhumi asataye mtima, ndipo asakhale manja lende podikira. Chaka chimene munthu anakhala akuphunzitsa ana mongodzipereka chimaoneka bwino pa CV kuposa chaka chopanda kanthu. Tsokonombwe anatha mtunda ndi kudumpha.

MAWU KWA MAKOLO, APHUNZITSI NDI MAFUMU

Inu makolo, mwana akabwera pa tchuthi musangomufunsa ngati akudya bwino. Mufunseni akuonetseni malikisi ake. Ngati simudziwa kuwerenga Chingerezi, aphunzitsi a pa sukulu yapafupi akuthandizani. Mufunseninso kuti tchuthi chimenechi akathandiza kuti. Ndipo akamaliza, musamuumirize kuti agule malata mwezi woyamba. Mpatseni nthawi yoti aime.

Inu aphunzitsi, yambani kukamba zimenezi ndi ana a Fomu 3 ndi Fomu 4. Apatseni maudindo enieni m'makalabu a pa sukulu, aphunzitseni kulemba kalata ya ku ofesi, ndipo ophunzira anu akale akabwera pa tchuthi aitaneni adzalankhule ndi ang'ono awo. Mwana amene wamva za ku koleji kuchokera kwa mnzake wa pamudzi pomwepo safika kumeneko ali mlendo.

Inu mafumu ndi akuluakulu a makomiti, wophunzira akabwera kudzapempha kuthandiza pa ntchito ya chitukuko, mulandireni, mumpatse chochita, ndipo pomaliza mumulembere kalata yoona. Kalata yanu ya chidindo ingathe kumutsegulira khomo limene satifiketi yogula sikanatsegula.

Amene mwawerenga nkhaniyi, awerengereninso anzanu amene ali ndi ana ku sekondale ndi ku koleji, kuti ndalama za mpunga ndi za usipa zipite pamene zidzabale zipatso.